Tifikire Kuti, Ababa?

A Jailos Alufandika ayendetsa takisi m'tauni ya Blantyre kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Kwawo ndi ku Nsanje. Anabwera kuno ali ndi zaka makumi awiri, anayamba ndi kutsuka magalimoto a anthu, kenako anapeza laisensi. Nyumba yawo ili ku Chimwankhunda, moyandikana ndi yanga. Ndi ya zipinda zitatu, chimbudzi panja.

Pa renki sadziwika ndi kuyendetsa. Amadziwika ndi kudziwa kumene mlendo ayenera kufikira. Munthu akatsika basi ku Wenela n'kunena kuti sakudziwa kolowera, madalaivala ena amangomulozera Korola yoyera ya a Jailos.

Funso lawo ndi limodzi: "Ndinu ogona, oona, kapena osagona?"

Ogona amawatengera ku Namiwawa, kumene kumamveka agalu okha. Oona amawasiya pakati pa tauni, kuti aziyenda wapansi kukaona nyumba yakale ya ku Mandala ndi tchalitchi cha njerwa cha ku HHI. Osagona, aja obwerera magule ndi mowa, amawapezera loji ku Naperi kapena ku Chichiri, kufupi ndi msewu waukulu. Amati munthu wovina asafikire kutali ndi phula, chifukwa pobwerera miyendo imakhala itatha. Sindinamvepo mlendo akudandaula kuti anamusankhira molakwika.

Akazi awo, a Angelina, anamwalira mu 2021, nthawi ya Kovidi. Mwana wawo mmodzi yekha, Hannah, anali ku Joni kumene amagwira ntchito mu saluni. Sanabwere kumaliro. Mapepala ake anali atatha, ndipo akanatuluka m'dzikomo sakanaloledwa kubwereranso. A Jailos sanamudzudzule. Sanamuuzenso kuti amvetsa. Maliro anaikidwa ku Nsanje Lachisanu, Lolemba iwo anali pa renki.

Kuyambira pamenepo mawu awo anachepa. Ankadya, ankagwira ntchito, ankapita kutchalitchi. Mukawafunsa kuti adzuka bwanji ankati, "Tilipo."

Chaka chatha mu Ogasiti, Hannah anatumiza uthenga kuti mapepala akonzeka. Akubwera masiku asanu, pamodzi ndi mnzake wa ku saluni, Kate, mkazi wa ku Joni komweko amene ankafuna kuona Malawi. A Jailos anapaka laimu m'chipinda cha Hannah. Anagula neti ziwiri ndi matiresi atsopano ku Limbe. Ndinawathandiza kutsitsa pagalimoto.

Kutatsala masiku awiri, foni inalira iwo ali pa renki akudya chimanga chootcha.

"Ababa, tikufika Lachinayi. Ndiye tifikire kuti?"

Funso limeneli a Jailos analimva kambirimbiri, koma kwa alendo. Anaganiza za chimbudzi cha panja ndi mpopi umene umatha masiku atatu osatulutsa madzi. Anaona ngati mwanayo akuchita manyazi kubweretsa mnzake kumeneko. Anayankha mwa chizolowezi.

"Mnzakoyo ndi wogona, woona, kapena wosagona?"

"Amakonda kuvina," anatero Hannah.

"Ndiye ku Naperi. Kuli loji yaukhondo, madzi sasiya. Ndikusungitsira chipinda."

"Chabwino, ababa."

Ackim, dalaivala mnzawo amene amaimika pambali pawo, anamva zonse.

"Madala, mwana wanu yemwe wasanduka kasitomala? Mumulembera ndi lisiti?"

"Yang'ana zako, iwe."

Lachinayi anakawatenga ku Chileka. Hannah anagwada pang'ono powapatsa moni, iwo anamufunsa za ulendo, n'kukweza zikwama m'buti. Anawatula ku Naperi. Anaonetsetsa kuti loko wa chitseko akugwira ndipo shawa ikutuluka madzi otentha, monga amachitira ndi mlendo aliyense.

Masiku onsewo ankawapeza pa geti ya loji m'ma naini koloko m'mawa. Anawatengera ku myuziyamu ya ku Chichiri, ku msika wa Limbe kukagula zitenje, ndi kuphiri la Michiru. Kate ankakhala kutsogolo, magalasi akuda kumaso, akujambula chilichonse ngakhale ma minibasi. Ankawaitana kuti "Papa". Hannah ankakhala kumbuyo akumasulira. Popita kumagule amene ankawanyamula anali Ackim, chifukwa maso a a Jailos anasiya kuona bwino dzuwa likalowa.

Kuchokera ku Naperi kufika ku Chimwankhunda si patali. Palibe anatchula zopitako. Palibenso anatchula za ku Nsanje, kumene kuli manda.

Tsiku lobwerera ndege inali ya masana. Atangotuluka pa geti ya loji, Hannah anayankhula ali kumbuyo komweko.

"Ababa, ndinakufunsani kuti tifikire kuti."

"Ndinakuyankha."

"Ndimafuna munene kuti kunyumba."

"Kufikira n'kwa alendo. Iwe ukanangofika."

"Ndimayesa munandikwiyira za maliro a amayi."

"Sindinakwiye."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Sunafunse zimenezo."

Kate samva Chichewa. Ankasankha zithunzi m'foni mwake.

Anayenda pang'ono. Hannah anati, "Tingadutsireko? Ndingoona chipinda cha amayi, basi."

A Jailos anayang'ana wotchi. Chimwankhunda ndi mbali ina, Chileka ndi mbali ina.

"Nthawi yatha. Muphonya ndege."

Anakhota kulowera ku Chileka.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinawapeza akutsuka galimoto pabwalo, ndipo ndi pamene anandifotokozera zonsezi, osasiya kupukuta. Ndinawafunsa ngati nthawi inalidi itatha.

"Inalipo," anatero. "Takhala pa Chileka maola awiri tikumwa tiyi."

"Nanga bwanji, achimwene?"

Anafinya nsanza, n'kuthira madzi otsala pa matayala.

"Akanalowa, akanalira. Ine sindikanadziwa poima."

M'mawa mwake anapita ku renki nthawi yawo ya masiku onse. Hannah amaimba foni Lamlungu lililonse, amacheza mphindi ziwiri kapena zitatu za mvula ndi za magetsi. M'nyumbamo sanalowebe chimwalirire amayi ake.