Chigoba cha Nkhono M'khosi mwa Tadala

Ine sukulu sindinaipondeko, koma mdzukulu wanga Tadala ali Sitandade 5, kalasi imene amayamba kuphunzira m'Chingerezi. Kusukulu kwawo wolankhula Chichewa amamuveka chigoba cha nkhono m'khosi, ndipo woweruka nacho amatsalira kusesa kuzimbudzi. Lamulolo ndinkalidziwa. Anandiuza yekha mwanayo, akunyadira kuti iye chigobacho sichinamukhudzepo.

Tsiku lina ndikuchokera kuchigayo ku Nsaru ndi anzanga a Nabanda, tinadutsa pasukulupo ana akusewera panja. Tadala anandithamangira, nandipatsa moni wa Chingerezi ali chiimire.

"Anzanga, mwalera mzungu eti?" anaseka a Nabanda. "Ngakhale bondo sapinda!"

Manyazi anandigwira. "Iwe, gwada undilonjere bwino! Ndine mnzako ine?"

"Agogo, pano ayi," ananong'ona, akuyang'ana uku ndi uku.

"Ndati gwada!"

Anagwada pafumbi. "Muli bwanji, agogo?"

Asanadzuke n'komwe, mnzake amene anavala chigobacho anachivula n'kumukoleka. Ana onse anakuwa. Aphunzitsi anali chapomwepo, pansi pa mtengo wa mango. Ndikanangopita kukanena kuti wolakwa ndine. Koma ndinaopa kuti andiyankha m'Chingerezi pamaso pa a Nabanda, ine n'kungoti kakasi. Ndinasenza ufa wanga, ulendo, ndawala ngati ndaba nkhuku.

Tadala anafika kunyumba mochedwa. Anagwada, nandilonjera m'Chichewa chosalala, ndipo mpaka lero amatero. Koma nyimbo za Chingerezi zimene ankandiimbira tikuswa mtedza, ine ndikungovomera kuti "eya, eya," sindinazimvenso.