Tsiku Limene Nyanja ya ku Beira Inandizungulira

Nkhani iyi ndikaifotokoza kwathu kuno ku Nsambe ena amaseka, amati ndinapita kunja kukaphunzira kukometsa nkhani, koma ine ndikunenetsa pamaso pa Mulungu amene ndimamupembedza kuti zinandichitikiradi, masanasana, ndili ndi nzeru zanga zonse.

Ine ndinabadwira kumapiri kuno, ndipo madzi amene ndinkawadziwa ndi a m'mitsinje yathu, amene amadzadza pokhapokha mvula ikagwa kumtunda, ndipo usanawaone umayamba wamva mkokomo wake. Bambo a kunyumba atapeza ntchito yoyendetsa thiraki padoko la ku Beira, ku Mozambique, anabwera kudzanditenga ndili ndi mwana wamkazi wa miyezi isanu ndi itatu. Tinakakhala m'dera la m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, kumene loko wa pachitseko amachita dzimbiri mwezi usanathe, ndipo ukanyambita milomo umamva mchere ngakhale usanadye kanthu.

Tsiku loyamba kuiona nyanjayo ndinakhala pansi. Kodi madzi angachuluke mpaka kukumana ndi mitambo? Koma chimene chinandizunguza mutu n'chakuti m'mawa inkakhala pafupi, ikumenya khoma la miyala, kenako n'kuthawa kupita kutali kwambiri, kusiya mchenga ndi matope, maboti atagona cham'mbali ngati ng'ombe zodwala. Nditawafunsa bambo anangoti imatero, ndipo ndisamapiteko. Basi, osafotokoza zambiri, mukuwadziwa amuna akatopa.

Iwo ankachoka masiku anayi kapena asanu, ine n'kutsala ndi khanda, Chipwitikizi osachidziwa, Chisena ndikungotolako mawu apa ndi apo. Munthu wozolowera kulima mbatatesi ndi anzako, kucheza mpaka kukhosi kuuma, ungapirire kuyang'ana khoma tsiku lonse? Ndinkaona amayi akutsika ndi mabeseni nyanja ikathawa, kukakumba tinkhono m'matope, akuseka ngati ali kudimba. Kwathu sitidya zimenezo, koma tsiku lina ndinabereka mwana n'kuwatsatira, kungofuna kumva mawu a akazi anzanga pafupi.

Tinayenda mtunda wautali, mpaka nyumba za kumtunda zinkaoneka ngati mabokosi a machesi. Ndikuuzeni, kumeneko n'kokongola moopsa. Ndinkaponda pansi penipeni pa nyanja, mchenga utapindikapindika ngati mizere ya m'munda, tinkhanu tambirimbiri tikuthawa mapazi anga, thambo lonse likuoneka m'madzi otsalira. Ndinawapitirira amayi aja osazindikira, ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Ndinamva akukuwa kumbuyo, nditacheuka ndinaona asenza mabeseni akubwerera, wina akundikodola ndi dzanja. Ine ndinaganiza kuti akungonditsanzika, ndipo ndinawabayibitsa, eti. Nyanja inali patsogolo panga, kutali, ili phee, ndiye ndikanaopa chiyani?

Anzanga, madzi aja sanabwere kuchokera kumene ndinkayang'ana. Anadzera kumbuyo. Panali kakhwawa kouma kamene ndinadumpha popita osakaganizira n'komwe, ndipo pobwerera ndinapeza kasanduka mtsinje waukulu, madzi akuthamangira kumtunda. Munaonapo mtsinje ukuyenda chokwera? Popanda mvula, popanda mtambo, popanda phokoso, dzuwa likuwala bwinobwino. Ndinali pa kachilumba ka mchenga kamene kankachepa ndikuona, ngati chitenje chimene wina akuchipinda m'mbali zonse. Nditayesa kulowa, mwendo unamira m'matope mpaka m'bondo, patapata n'kutsalira momwemo. Ndinabwerera. Mwana anali m'tulo kumsana, mpweya wake ukundifunditsa pakhosi.

Ndiye ndinaona mmodzi wa amayi aja akubwera, wachikulire, woonda, wa mpango wofiira, akudula madzi cham'mbali, beseni lili pamutu. Atafika sanandipatse moni. Anakhuthula nkhono zonse zimene anakumba tsiku limenelo, n'kuloza mwana, n'kuloza beseni. Ine ndinakana, ndinagwira mfundo ya chitenje zolimba. Ungapereke mwana wako kwa munthu amene sudziwa ngakhale dzina lake, pakati pa madzi? Anandiyang'ana m'maso n'kulankhula Chisena pang'onopang'ono kuti ndimve, ndipo ndinamvadi.

"Kumsana amwa madzi. Pamutu panga samwa."

Ndinamasula. Anamugoneka m'beseni muja, n'kusenza, n'kundigwiritsa lamba wa nsalu amene anamanga m'chiuno. Sanalunjike kumtunda ayi, anayamba kuyenda chokhotakhota, akufufuza pansi ndi zala za kumapazi, ngati akutsata njira imene ankaiona yekha. Madzi anafika m'chiuno, kenako pachifuwa, ofunda ngati osamba, koma akukoka miyendo mwamphamvu ngati ali ndi manja. Pakati penipeni anandifika pachibwano, ndinamwa mchere, ndipo chimene ndinkaona ndi khosi la mayi uja litawongoka ngati mtengo, ndi kadzanja ka mwana wanga katatulukira pamwamba pa beseni, kakutambasuka ndi kufumbata. Anali atadzuka, koma sanalire, ankasewera ndi dzuwa.

Titaponda pouma ndinagwa chafufumimba. Nditadzuka n'kucheuka, pamene ndinaima paja panalibe, ndi madzi okhaokha mpaka kumapeto kwa maso, boti likudutsa pamwamba pake. Zimene ndinamva sanali mantha okha, koma ngati mmene umamvera ukaima pamaso pa wamkulu woposa akulu onse.

Mayi uja anandikalipira kwambiri, amayi ena akuthandizira, ndipo ngakhale sindinamve zonse ndinadziwa kuti ndikuyenera. Masiku otsatira ndinkapita kwawo, ndipo anandiphunzitsa kuti nyanja imapita ndi kubwera kawiri pa tsiku, kuti imatsatira mwezi, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukafa m'pamene imathawira kutali ndi kubwerera mwaukali. Anandiuzanso kuti mng'ono wake anatsalira pamchenga womwewo ali mtsikana. Bambo a kunyumba ndinawauza patatha chaka.

Lero ndinabwerera kumapiri kwathu, ndipo chimene ndimakhulupirira n'chakuti nyanja ija imapuma, ili ndi mpweya umene Mlengi anaipatsa, ndipo sidana ndi munthu, koma simudikiranso. Inu amene ana anu akupita kunja kukakhala m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja, muziwauza kuti malo okongola a eni ake ali ndi malamulo amene sanalembedwe paliponse. Akaona eni dziko anyamula katundu wawo n'kuyamba kubwerera, asafunse chifukwa. Anyamuke nawo.