Dzanja Lamanzere

Mpaka lero ndikamva fungo la nzimbe yongosendedwa kumene, ndimabwerera m'nyengo yozizira ya chaka chimene atate anamwalira. Tinkakhala m'nyumba ya aphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Tamanda, nyumba ya malata adzimbiri, kuseri kwake kuli mtengo wa mango ndi kankhokwe ka mtedza. M'mawa mame ankaluma zala za kumapazi, masana mphepo inkabwera ndi phulusa la tchire lopsa n'kulithira pa zovala zoyanika. Kale, nyengo ngati imeneyi, atate ankabwera ndi nzimbe kuchokera kumadimba ataimangirira panjinga. Ankaidula patatu ndi mpeni wawo, chidutswa chawo, cha amayi ndi changa, ndipo tinkatafuna pakhonde mpaka nsagwada kulema. Anamwalira mvula isanathe. Nzimbe zitakhwima, amayi ankagulabe, koma ankangoithyola pawiri pabondo.

Nyumbayo inali ya atate, chifukwa ndiwo anali mphunzitsi wa mapepala. Amayi ankaphunzitsa giredi faifi ngati wothandizira chabe, ndipo patchuthi chilichonse ankakwera basi ya ku Lusaka kukaphunzira uphunzitsi wa masamu ndi sayansi payunivesite ina. Mayeso olemba anali atakhoza. Chinatsala n'chakuti munthu wa kuyunivesiteko abwere adzawaone akuphunzitsa. Akakhoza, akanalembedwa ntchito ndipo nyumba ikanakhala yathu. Akalephera, ikanapita kwa mphunzitsi wina, ife n'kumanga katundu kupita kwa amalume cha ku Mwami, kumene kunalibe ngakhale chipinda chotiyembekezera. Palibe amene anandikhazika pansi n'kundiuza zimenezi. Ndinkangozitola m'manong'onong'o a akuluakulu, ndipo zinkandisowetsa mtendere.

Ine ndinali m'kalasi ya amayi momwemo, ndipo masamu ankandizunguza mutu. Mwana wa aphunzitsi awiri, koma pa nkhani ya magawo ndinali mbuli yotheratu. Kunyumba ndinkabisa, chifukwa amayi anali ndi zokwanira zowaliza.

Ahedi athu, a Daka, anali munthu wabwino koma woopa alendo. Atamva kuti akubwera ndi Dokotala Tembo, mkulu weniweni wa gawo lophunzitsa aphunzitsi a masamu ndi sayansi, analowa m'kalasi mwathu n'kutiphunzitsa nzeru imene pasukulupo inali yakalekale. Aphunzitsi akafunsa funso pamaso pa mlendo, aliyense akweze dzanja. Wodziwa yankho akweze lamanja, wosadziwa akweze lamanzere. Aphunzitsi adzaloza a manja okhaokha, ndipo mlendo adzapita akuyamikira kalasi ya ana anzeru. Tinayeserera sabata yonse ngati kwaya. Amayi ankaima pafupi ndi zenera atavala diresi lawo lakuda, osavomereza komanso osakana. Ine ndinaikonda nzeruyo kwambiri, pakuti kwa nthawi yoyamba ndinali ndi pobisala.

Tinkayembekezera galimoto ndi bambo wa suti. M'malo mwake kunafika njinga ya kabaza kuchokera kumsewu, kumbuyo kwake kutakhala mayi wamfupi wa imvi, chitenje chili m'chiuno, nsapato zitafiira ndi fumbi. Amenewo ndiwo anali Dokotala Tembo. A Daka anawakonzera mpando wa khushoni kutsogolo, koma iwo anaukana. Anadutsa mpaka kumbuyo n'kudzipanikiza pabenchi yathu, pambali panga penipeni. Ankanunkhira sopo ndi fumbi la msewu.

Phunziro linayenda bwino mochititsa kaso. Amayi analemba pabolodi wani pamwamba pa thuu, kenako wani pamwamba pa fili, n'kufunsa kuti chachikulu n'chiti, hafu kapena gawo limodzi mwa magawo atatu. Manja onse anapita m'mwamba, langa lamanzere lili pomwepo. Amayi analoza Chisomo, mtsikana wa kutsogolo amene sankaphonya, ndipo iye anati hafu. Tinamuombera m'manja. Mafunso ena anatsatira, mayankho onse olondola, ndipo ndinayamba kupuma bwino. Ndipamene ndinamva chala chikundigwira pachigongono.

"Pepani, Madamu," anatero Dokotala Tembo ndi mawu ofatsa. "Funso loyamba lija, ndingamveko kwa uyu?"

Ndinaimirira. Yankho la Chisomo ndinali nditalimva, koma m'mutu munangoti balala, n'kutsala chokhacho chimene ndinkakhulupirira. Ndinati chachikulu ndi gawo limodzi mwa atatu, chifukwa fili amaposa thuu. Wina anayamba kuseka n'kudzigwira pakamwa. Sindinayerekeze kuyang'ana amayi.

"Zikomo mwanawe, wanena zimene ukuganiza," anatero mlendoyo. Kenako anayang'ana kutsogolo. "Madamu, ine ndayenda ulendo wonsewu kudzaona phunziro la mwana uyu. Nthawi ikadalipo."

Amayi anaika choko pathebulo n'kufunsa ngati alipo amene wabwera ndi nzimbe yodya pa buleki. Zinatuluka ziwiri kunsi kwa mabenchi. Anazilinganiza, n'kudula nsonga ya yaitaliyo ndi mpeni wa atate umene ankasongolera mapensulo, mpaka zonse zinafanana. Imodzi anaidula patatu n'kupatsa ana atatu. Inayo anaidula pawiri n'kupatsa ana awiri. Atatero anandiitana kutsogolo, osati ndi mawu a m'kalasi koma ndi aja a kunyumba. "Dailesi, bwera uone wekha."

Fungo la nzimbe linali litadzaza kalasi yonse. Ndinayang'ana zidutswa zitatu zija, zazifupi, ndipo ndinazizindikira. Ndinayang'ana ziwiri zija, zazitali, nazonso ndinazizindikira. Chinthu chinatseguka m'mutu mwanga, ndipo ndinasangalala kwambiri moti ndinaiwala pamene ndinali.

"Cha awiri n'chachikulu!" ndinafuula. "Ngati kunyumba, amayi. Chimwalirireni atate, changa chimakhala chachitali."

Amayi anatembenukira kubolodi n'kuyamba kufufuta pamalo pamene panalibe cholembedwa chilichonse. Anafufuta kwa nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka pang'ono. Dokotala Tembo anali akuyang'ana panja pazenera. Amene anatipulumutsa anali Yohane, mnyamata wa dzanja lamanzere mnzanga, amene anafunsa osakweza n'komwe dzanja kuti nanga odya akakhala anayi zikhala bwanji. Amayi anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango, n'kumupatsa mpeni kuti ayese yekha. Belu linalira tikudulabe nzimbe.

Masana a tsikulo anakambirana pansi pa mango kwathu, ine ndikumvetsera ndili pakhonde. Dokotala Tembo anauza a Daka kuti nawonso anakulira m'masukulu a kuno kwathu, ndipo anakweza dzanja lamanzere zaka zambiri popanda wowafunsa kanthu. Anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kwa amayi analankhula mosazungulira. "Phunziro loyamba lija silinali lanu, linali la mantha. Lachiwiri ndi lanu, koma ndaliona pang'ono. Lero sindisaina. Ndidzabweranso."

Ndinadana nawo mayi amenewo ndi mtima wanga wonse. Ndinkaona kuti anasankha dala dzanja langa kuti atichotse m'nyumba ya atate, ndipo ndinkadziimba mlandu kuti ndine ndawapatsa mpata. Masabata otsatirawo ndinkayang'ana makatoni a pamwamba pa kabati n'kumaganiza zimene zidzalowe m'menemo. Amayi sanandikalipire ngakhale kamodzi. Anangoletsa za manja zija, n'kuyamba kubwera m'kalasi ndi zingwe, zitsekerero za mabotolo ndi mtedza wosasenda. Munthu ukalakwa ankakufunsa kuti waganiza bwanji, ndipo ankadikira mpaka unene. Kalasi yathu inasanduka yaphokoso ndi yauve, moti a Daka ankadutsa pakhomo akupukusa mutu.

Dokotala Tembo anabweradi, mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa fumbi, sukulu itatsala pang'ono kutsekera. Anafika pa kabaza monga kale, nakhalanso kumbuyo. Tsiku limenelo tinalakwa mayankho ambiri, ndipo ndinatsimikiza kuti kwathu kwatha. Koma anasaina pathebulo la amayi lomwelo, pakati pa makoko a mtedza, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri. Makatoni aja anakhalabe pamwamba pa kabati mpaka chiswe chinawadya.

Lero inenso ndimaphunzitsa aphunzitsi a masamu pakoleji ina muno mu Chipata, ndipo ndikapita kukawaona m'masukulu ndimakhala kumbuyo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti Dokotala Tembo anali ndi lamulo lawo, lakuti masukulu a kutali kwambiri azipitako okha, osatuma achichepere. Munthu wa ofesi ndi misonkhano ngati iwo akanatha kusaina tsiku loyamba chifukwa cha chisoni, kapena kukana n'kuiwala. Anasankha kuyenda msewu wautali uja kawiri, chifukwa ankadziwa kuti mphunzitsi akangozolowera kuopa ana osadziwa, amawaopa moyo wake wonse. Ndili mwana ndinkati anabwera kudzatilanda nyumba. Tsopano ndikudziwa kuti anali munthu woyamba kufunafuna dzanja langa.

Pali china chimene ndinachedwa kuchimvetsa. Kuchokera tsiku la phunziro la nzimbe lija, amayi sanathyolenso nzimbe pawiri. Akagula, ankaitana mwana aliyense wodutsa panjira kuti adzakhale nafe pakhonde, n'kuidula patatu ndi mpeni uja. Ine ndinkanyinyirika chamumtima. Masamu ndinali nditawadziwa tsopano, ndipo ndinkaona bwinobwino kuti gawo langa lachepa.