Mayi Dauda Aphunzitsa Atafulatira

Anthu a ku Kambuzuma amawadziwira patali Mayi Hanifa Dauda chifukwa cha chikwama chimene chimawapendeketsa phewa. M'chikwamamo mumakhala makope a ana a giredi seveni ndi mabuku a ku yunivesite onenepa ngati njerwa. Akakwera kombi amachipakata ngati khanda, ndipo kondakitala akayamba kudandaula za malo, amangomuyang'ana mpaka aleke yekha.

Anabadwira pa famu ya fodya cha ku Karoi. Bambo awo anachoka ku Mangochi ali mnyamata kudzagwira ntchito m'dziko lachilendoli ndipo sanabwerereko. Sukulu yoyamba ya Hanifa inali shedi yosankhiramo fodya, ndipo nyengo yothyola ikakwana sukuluyo inkatseka yokha popanda wolengeza. Mafamu atasintha eni, banja lonse linakathithikana m'chipinda chimodzi ku Mbare, bambo aja nkumasenza matumba pa msika waukulu wotchedwa Musika mpaka msana unawakana. Apo nkuti Hanifa atangoyamba uphunzitsi.

Chimene sichinawachoke m'maso ndi bambo awo ataima pakhomo la ofesi ya ahedi, chipewa chili m'manja, akudikira kuti wina awauze kuti lowani. Hanifa ankafuna mpando wa kuseri kwa chitsekocho. Nthawi zonse akafunsira uhedi, ankapitiriridwa ndi anthu a mapepala akuluakulu. Ndiye anati, ngati nkhani ndi mapepala, tiwapeza. Anatenga digiri, natenganso ina, kenaka analembetsa maphunziro a udokotala pa za kayendetsedwe ka sukulu. Loweruka anzawo akamapita ku maukwati, iwo amakhala m'kalasi m'tauni.

"Adokotala, mwana wanga watentha thupi," amawaseka choncho amayi a mumzere wa nyumba zawo.

"Pitani naye ku kiliniki, anzanga. Ine udokotala wanga ngochiza ahedi."

Chaka chimene ahedi akale anapuma pa ntchito, Mayi Dauda anauzidwa kuti agwirizire mpando mpaka akuluakulu a maphunziro atasankha munthu. Posankhapo mawu a komiti ya makolo ankamveka kwambiri. Mpando uja unali pamphuno.

Koma chaka chomwecho jando inachedwa. Mabanja achisilamu ochokera ku Malawi amatumiza anyamata awo ku jando pa tchuthi cha Ogasiti, ndipo amatuluka sukulu isanatsegulidwe. Ulendo uno ngaliba, mkulu wodula anyamata, anafika mochedwa, kuzizira nkuchedwetsanso zilonda kupola. Sukulu inatsegulidwa, mabenchi angapo a giredi seveni ali mbee, mayeso a boma ali pakhomo.

Wapampando wa komiti, Bambo Bothwell Marufu, anali munthu woikonda sukuluyo. Denga la chimbudzi cha atsikana anakhoma yekha ndi manja ake. Anafika mu ofesi, nakhala pansi, nayankhula m'Chishona mofatsa.

"Medemu, ana awa akalemba alephera, ndipo akalephera atsitsa sukulu yonse. Akuluakulu amayang'ana kuti pa ana anu akhoza angati. Afafanizeni m'kaundula, tinene kuti anasiya okha. Adzabwereza chaka chamawa. Ife tikunenerani zabwino."

"Mwana wa kwathu akauzidwa kuti abwereze, Bambo Marufu, sabwereza. Amakagwira ngolo pa Musika."

"Mukudzitchingira nokha mwayi chifukwa cha achibale anu."

"Akanakhala ana anu ndikanakananso. Sindifafaniza munthu."

Madzulo ake Hanifa anapita kwa Che Twalibu, mkulu woyang'anira ndagala, msasa wa jando uja, umene unamangidwa ndi udzu kudambo kuseri kwa mafakitale a ku Willowvale. Che Twalibu anali mnzawo wa malemu bambo a Hanifa kuyambira ku famu. Hanifa anavula nsapato, nakhala pamphasa, nafunsa za miyendo ya mkuluyo ndi za mbuzi zake. Kenaka anapempha kuti ana a mayeso atuluke msanga.

"Mwanangu, chakudya chosapsa saphula," anatero Che Twalibu. "Achimwene ako anagona ku ndagala mpaka tsiku lake. Sukulu yakupanga Mzungu?"

"Ababa, sindikunyoza mwambo. Koma boma silidikira chilonda."

"Nafenso sitidikira boma."

Hanifa anayesa njira ina. Amayi a anyamatawo ankapereka chakudya masana alionse, nkumachisiya pansi pa mtengo wa mthethe umene unali malire. Mkazi sadutsa mtengowo, ndipo sayang'ana kumene kuli msasa. Hanifa anamanga makope pamwamba pa mabakuli. M'mawa mwake mabakuli anabwerera otsuka, makope ali chimangire, mfundo yake yomwe ija.

Tsiku limenelo Hanifa anaperekeza okha Mayi Olinda, amene mwana wawo Denzel anali m'ndagalamo. Atafika pamtengo, Mayi Olinda anatula bakuli, nafuula kuti chakudya chafika. Kuchokera kuseri kwa mpanda wa udzu kunamveka mawu a mwamuna akuvomera, omveka bwino ngati munthu ali pakhonde. Hanifa anatchera khutu, akumvetsera mmene mphepo ya m'dambomo inkanyamulira mawu.

Mawa lake ataweruka ku sukulu anabwera ndi kampando kapulasitiki. Anakaika pansi pa mthethe, nakhala atafulatira ndagala, nkhope italoza utsi wa mafakitale. Anatulutsa mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, natsegula pakhosi ndi mawu amene amaletsa phokoso pa asembule.

"Giredi seveni! Ndine Mayi Dauda. Masamu. Funso loyamba!"

Ankawerenga funso, nkutchula mayankho anayi osankhapo, nkudikira pang'ono, nkulongosola okha yankho loona. Kumsasa kunali zii, pakuti mnyamata wa ku jando sayankhula ndi mkazi. Amayi obwera ndi chakudya anagwira pakamwa. Ena anathawa kuopa kuti mlandu ungawagwere.

Sipanatenge nthawi, Che Twalibu anatulukira akutsimphina, ndodo ili m'dzanja.

"Iwe Hanifa! Wapenga? Bambo ako akanakhala moyo bwenzi atalowa pansi ndi manyazi!"

Hanifa anatsika pampando nagwada, koma sanatembenuke.

"Ababa, ndiuzeni pamene ndalakwa ndipepese. Phazi langa ladutsa mtengo?"

"Silinadutse."

"Diso langa laona za amuna?"

"Usandifunse ngati ndili m'kalasi mwako!"

"Amayi anzangawa amafuula pano tsiku lililonse kuti ndiwo zafika. Inenso ndabweretsa zanga. Wosafuna atseke makutu."

Mkuluyo anayang'ana kumwamba, nang'ung'udza mawu a Chiyao amene Hanifa sanawamve chimwalirire bambo awo, nabwerera kumsasa. Sanawalole, komanso sanawathamangitse. Hanifa anakwera pampando napitiriza funso lachiwiri.

Anapita mawa lake, ndi mkuja. Mawu anayamba kusasa. Usiku wa maphunziro awo unkathera pa kumwa madzi a mandimu, ndipo mutu wa kafukufuku umene aphunzitsi awo a ku yunivesite ankaudikira unaima. Masana ena anafika pofunsa mumtima ngati sakungophunzitsa achule. Anawerenga funso la magawo, natchula mayankho, nadikira. Ndiye kuseri kuja kunamveka ndodo ikugunda chipika, imodzi mwa ndodo zimene anyamata amaombera nyimbo zawo. Go, go. Kawiri, kutanthauza yankho lachiwiri. Ndodo zina zinatsatira, zina kawiri, imodzi katatu.

"Wagogoda katatuyo ndi Denzel, ndikumudziwa!" anafuula Hanifa. "Umathamangira kuyankha usanamve funso. Tamvera kuno!"

Mayi Olinda anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu. Pakamwa pa anyamata panali potseka monga mwa mwambo, ndipo palibe mkulu amene anatuluka kudzaletsa ndodo.

Koma dambo lilibe chitseko. Wina wodutsa anawajambula pa foni, ndipo pofika Lachisanu kanemayo anali atazungulira pa gulu la pa foni la makolo, pansi pake atalemba kuti ahedi athu ayamba kulalikira kuthengo. Komiti inaitanitsa msonkhano. Bambo Marufu ankaoneka otopa osati okwiya.

"Medemu, mwatichititsa manyazi. Sukulu zina zikutiseka kuti tikutsogoleredwa ndi mubulandaya, mlendo wa ku Malawi, wokuwa m'dambo. Si mawu anga, koma ndi amene akunenedwa. Lekani kupita kumeneko, chotsani mayina aja, nkhaniyi ithere pano. Apo ayi, ife sitingakuikireni kumbuyo."

Hanifa anayang'ana makolowo mmodzimmodzi. Ambiri anali anthu amene ana awo anadutsa m'manja mwawo. Anaganiza za Loweruka lililonse limene anathera m'tauni, ndi za zaka zawo zimene sizinkabwerera m'mbuyo.

"Mubulandayayo ndine, simunaname," anatero ndi mawu osasa aja. "Uhedi ndikuufuna, ndipo palibe m'chipinda muno amene akuufuna kuposa ine. Koma mpando woti ndiukhalire nditapondera ana, ukhaleni nokha. Mawa ndili ndi sayansi kudambo. Amene akufuna kujambula abwere msanga, apeze malo abwino."

Anyamata anatuluka kutatsala masiku ochepa, atameta mipala, atavala zatsopano, ndipo onse analowa m'chipinda cha mayeso. Ena anakhoza, ena sanakhoze. Sukulu inatsikadi pang'ono, monga ananenera Bambo Marufu. Uhedi unapita kwa bambo wina wochokera ku sukulu ya ku Mufakose.

Tsiku limene ahedi atsopanowo anafika, Hanifa anawapatsa makiyi ndi manja awiri, nawalongosolera za mpope wotayikira ndi za aphunzitsi amene amachedwa Lolemba. Bamboyo, pofuna kuwatonthoza, anati mwina tsopano apumule ku maphunziro aja, poti pamsinkhu wawo udokotala ungowatopetsa pachabe.

"Zikomo, ahedi, koma ndimaliza chaka chamawa," anayankha Hanifa. "Ndipo kulikonse kumene kutuluke mpando ndikafunsira, ngakhale uno mukadzatopa nawo. Pakadali pano ndipatseni giredi seveni."

Anatuluka mu ofesimo nalunjika kukalasi, akufuula kuti amene sanasese atenge tsache.