Amayi Anandisiya Kuti Akaonane ndi Achimwene

Amayi anga sanali a kuno ku Mzimba. Anagwidwa ali kamtsikana kumbali ya ku Kasungu, Angoni atawotcha mudzi wawo, ndipo anakulira m'manja mwa eni nkhondoyo mpaka anakhala mkazi wachiwiri wa adada. Chitumbuka anachiphunzira, koma ndi ife ana awo ankalankhula Chichewa chokhachokha.

Tinakula ana awiri, achimwene ndi ine. Ena amene anabadwa pakati pathu anamwalira ali makanda. Sukulu ya mishoni itafika m'mudzi woyandikana ndi wathu, cha ku Manyamula kuno, achimwene analowa, adada asakufuna chifukwa ng'ombe zinasowa mbusa. Anaphunzira kuwerenga, analowa kalasi ya ubatizo, kenaka anabatizidwa. Amayi sanawaletse, komanso sanawatsate. Ankati zimenezo n'za ana.

Nkhondo ya azungu itavuta kumpoto, amesenjala a boma anabwera kudzatenga anyamata oti akanyamule katundu wa asilikali. Achimwene anatengedwa. Amayi anawakazingira chimanga ndi mtedza, ndipo tinawaperekeza mpaka ku boma la Mzimba. Kanali koyamba kuti ine ndione nyumba ya njerwa. Anyamata anali atakhala pansi m'mizere, padzuwa, ndipo ife anatiimika patali. Achimwene anangokweza dzanja.

Anabwerako patadutsa nyengo ziwiri za mvula. Ine sindinawazindikire. Tsitsi linali litathothoka pamene pankakhala katundu, miyendo yotupa, ndipo akatsokomola ankalavula magazi. Amayi ankawayalira mphasa pakhonde kuti aziwothera dzuwa, n'kumawamwetsa phala la mawere ndi chipande. Tsiku limene anamwalira ine ndinali pomwepo, ndikuingitsa ntchentche. Amayi anali atayamba kale kulira. Achimwene anawagwira mkono.

“Amayi, musandilire ngati wotayika. Kumene ndikupita ndikukudziwa. Inu mubwere, mudzandipeze.”

Amayi anafunsa kuti njira yake ndi iti. Achimwene anati akafunse aphunzitsi a pasukulu paja. Sanalankhulenso zomveka.

Maliro atatha, amayi sanadikire n'komwe kuti tsitsi lawo limere. Anapita kwa aphunzitsiwo n'kulowa kalasi ya omvera mawu. Anasiya kufulula mowa, umene adada ankaunyadira pamaso pa anzawo. Kuwerenga sankadziwa, ndiye mafunso ndi mayankho a katekisimu ankangowaloweza. Posinja ankayankha mogwirizana ndi musi, popita kudambo ankayankha, ndipo ine ndi amene ndinkawafunsa, poti mutu wa mwana sutaya. Masiku amenewo ndinkakondwa. Ndinkaona ngati amayi abwerera kwa ine, chifukwa chimwalirire achimwene sankandiyang'ana kwenikweni.

Patapita miyezi yambiri kunabwera akuluampingo kudzayesa anthu oti akwere kalasi yachiwiri, yoyembekezera ubatizo. Amayi anayankha bwino mafunso onse. Pomaliza mkulu wina anawafunsa kuti m'nyumba ya amuna awo ndi mkazi wachingati. Atanena kuti wachiwiri, mkuluyo anaweramitsa mutu. Anawafotokozera mofatsa kuti lamulo la mpingo limalola mkazi woyamba yekha, ndipo wachiwiri sangabatizidwe pokhapokha atachoka pabanjapo. Amayi anati iwo sanadzikwatitse okha, anachita kugwidwa. Mkuluyo anati akudziwa, amayi ake omubereka nawonso anachita kugwidwa, koma lamulo si lake.

Kwa Angoni ana ndi a bambo. Mkazi akachoka amachoka ndi mphasa yake basi. Amayi ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Anakhala nyengo yonse yokolola akuonda, kumapemphero akupitabe n'kumakhala kumbuyo kwenikweni. Nthawi zina ndikamadya ndinkawapeza akundiyang'anitsitsa. Ndikawayang'ana ankatembenuka.

Tsiku lina m'mawa anapita kukagwada kwa adada, amene ankasema mpini pafupi ndi khola. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe. Amayi analankhula nthawi yaitali chapansipansi. Adada sanali munthu wankhanza, ndipo achimwene atamwalira anawalira kwambiri. Anafunsa ngati anawalakwirapo kanthu, amayi n'kukana. Anafunsanso ngati munthu wamoyo amasiya nyumba chifukwa cha munthu wakufa. Adada anaika kasemasema pansi.

“Mbwenu lutani,” anatero m'Chitumbuka. “Kweni mwana ngwane.”

Anawalola kupita, koma ine ndinali wa adada. Amayi anandimeta, anandisokera kansalu kanga kamene kanang'ambika, n'kunditengera kwa amayi aakulu, mkazi woyamba uja. Amayi anga atanyamuka ndinawatsatira mpaka kumtsinje ndikulira. Pamenepo anakhala pansi n'kundigwira mapewa onse awiri.

“Iwe uli ndi moyo, ndidzakuonabe. Mlongo wakoyo ndikapanda kuchita izi sindidzamuonanso mpaka kalekale. Ukakula udzalowe kalasi, tidzakhale tonse atatu.”

Ndinawauza kuti sindikufuna kumwamba, ndikufuna iwo. Anaimirira n'kuwoloka.

Anakakhala m'mudzi wa Akhristu kumwera, kufupi ndi malire a Kasungu, kwa mayi wina wamasiye, akumulimira ndi kumusinjira. Amayi aakulu sanandizunze. Ankandipatsa chakudya mofanana ndi ana awo, koma ndikadwala panalibe wondigoneka pamiyendo. Chichewa ndinkalankhula ndi mbuzi.

Amayi ndinawaonanso kamodzi kokha. Kunali msonkhano waukulu wa mgonero, ndipo aphunzitsi anapempha adada kuti ndipite ndi ana a sukulu. Anthu anali ambiri pansi pa mitengo. Ndinawapeza atakhala m'gulu la oyembekezera ubatizo, atavala nsalu yoyera yothetheka. Anandikumbatira, kundinunkhiza m'mutu, kundiyang'ana m'zala ngati ndili ndi matekenya. Anandiuza mosangalala kuti kwatsala kuyesedwa kumodzi, chaka chamawa adzabatizidwa. Ine ndinali nditawasungira mawu ambiri, koma nditaona chisangalalo chawo ndinangokhala duu. Anandipatsa mbatata yootcha. Ndinaidya ndisakuwayang'ana.

Chaka chimenecho chisanathe kunabwera mliri wa chimfine chachikulu chija. Sukulu zinatsekedwa, mapemphero analetsedwa, ndipo m'midzi munasowa anthu okumba manda. Kwathu anamwalira ana awiri a amayi aakulu. Uthenga wa amayi anga unatipeza patapita mwezi ndi kanthu, ndi munthu wodutsa amene ankapita ku boma. Anati anadwala masiku owerengeka. Anamwalira asanabatizidwe.

Mliri utatha, adada ananditenga okha kupita kumudzi uja. Mayi wamasiye uja anapulumuka. Anatitsogolera kuthengo kumene kunali mitumbira yambiri yatsopano, ina itayamba kumera udzu. Analoza umodzi, kenaka anakayika n'kuloza wina. Anati tsiku limenelo anaika anthu angapo, ndipo iye mwini anali kudwala. Adada anaima nthawi yaitali atagwira ndodo yawo. Ine sindinadziwe poti ndigwade, ndiye sindinagwade.

Ndinakula, ndinalowa kalasi, ndinabatizidwa, ndinakwatiwa ndi Mkhristu ndipo ndinali mkazi wake yekhayo. Nditabereka mwana wanga woyamba ndinapita kwa mkulu wampingo yemwe uja, atakalamba kwambiri, maso atachita khungu. Ndinamukumbutsa za amayi. Anawakumbukira. Ndinamufunsa ngati munthu wofa ali m'kalasi amalowa kumwamba. Anati madzi si amene amapulumutsa munthu, Mulungu amayang'ana mtima, ndipo iye sakukayika kuti amayi ali ndi mwana wawo.

“Nanga ngati madzi si amene amapulumutsa,” ndinatero, “munawachotseranji kwa ine?”

Iye anati, “Ndapota, mwana wanga, funso limenelo ndilibe yankho lake.”

Zaka zonsezi ndaimba nawo pamaliro ambiri kuti tidzakumana, ndipo ndatonthoza nawo anamfedwa ndi mawu omwewo. Sindinganene kuti sindikhulupirira. Ndaika mwamuna wanga ndi ana anga awiri, ndipo popanda chiyembekezo chimenecho sindikanadzuka pamphasa. Koma ndikaganiza za amayi mtima sukhazikika. Ndimayesa kuona tsiku limenelo, iwo akubwera kudzandilandira, ndipo sindidziwa chimene ndidzawauze. Mwina kumeneko mkwiyo munthu amausiya pakhomo. Ine wanga ndakalamba nawo.

Chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti nkhope yawo ndinaiwala. Ndimakumbuka zala zawo, ndi mphini ziwiri za patsaya, koma nkhope yonse sibwera. Aliyense amene ankawadziwa anapita. Mdzukulu wanga wina anandifunsa ngati amafanana nawo, poti anthu amati dzina anapatsidwa lawo. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinamuuza kuti sindikudziwa.