Bodza Limodzi la aChibaluni

AChibaluni anakalambira pabwalo la ndege, akuulutsa chibaluni m'mawa uliwonse kuti ayeze mphepo ya m'mwambamwamba, ija imathamanga ngati mtsinje wosefukira n'kumakankha kapena kubweza ndege. Poyang'ana kumwambako khosi linachita kupindika, moti mvula ikamagwa ankamwera m'mphuno. Koma pa za mphepo sananamizepo woyendetsa ndege ngakhale mmodzi.

Akazi awo atagonekedwa m'chipatala, mwana wawo wamkazi anakwera ndege kuchokera kutali. M'mawa umenewo aChibaluni anadzionera okha kuti mphepo ikuiwomba ndegeyo pamphuno, ndipo ichedwa. Atachoka pabwalopo analunjika kuchipatala.

"Bambo a mwana, mphepo yanu ija ikuti chiyani?" anafunsa mayiwo, mawu akuthera kukhosi.

"Ikumukankha kumsana, mayi. Afika tiyi asanazizire."

"Ndiye mundipese, asandipeze ngati tsache."

Anawapesa bwinobwino, n'kuwatsamiritsa papilo moyang'ana kukhomo. Chitseko chikangoti kwee, mayiwo ankadzutsa mutu, koma wolowayo ankakhala namwino.

Mwanayo anafika madzulo, akukoka chikwama. Anapeza pabedi atayalula kale, bambo ake atakhala pambali, chipeso chili m'manja.