Kabokosi Kamene Amayi Aja Sachonga

Amayi a nyumba yoyang'anizana ndi yathu amasoka maluwa pansalu ndi makina olumikizidwa ku kompyuta. Pulogalamu yojambulira maluwawo anawapangira ndi mwana wawo, ndipo mafayilo ake ndi amtundu wachilendo, moti kompyuta siiwadziwa. Akadina fayilo, imawafunsa kuti itsegule ndi pulogalamu iti. Iwo amatsitsa magalasi pamphuno, n'kuyang'anitsitsa ngati akusankha tomato pamsika, kenako n'kusankha yomweyomweyo ya dzulo. "Chosoka mothamanga chimasosoka," amatero.

Zimenezi zinkandidabwitsa. Tsiku lina ndinawapeza atapanikizika ndi nsalu za ukwati, mwiniwake ataima pakhomo akupenya wotchi. Fayilo iliyonse, funso lomwelo.

"Amayi," ndinatero, "pansipa pali kabokosi kakuti 'nthawi zonse'. Tikangochonga, kompyuta idziwa kuti mafayilowa ndi a pulogalamu iyi, sidzakuvutitsaninso."

Anandigwira dzanja ndisanakhudze mausi.

"Mwanawe, ukuyesa sindikaona? Kabokosiko ndinakadziwa kalekale. M'nyumba muno ana anandisankhira dokotala, anandisankhira chipinda chogona, ngakhale shuga wa mutiyi amachita kundiyezera. Chotsala chondifunsa zimene ndikufuna ndi chimenechi basi. Ndiye iwe wabwera kudzachitseka pakamwa?"

Ndinabweza dzanja langa. Mwini nsalu anatsokomola pakhomo paja, koma amayi sanacheuke. Anadina fayilo ina, funso linabwera, ndipo anatsitsa magalasi pang'onopang'ono.